Tochi yopentera kuwala usiku: zimene ndimayang'ana ndisanagule

Khoma la njerwa zootcha, kaya la tchalitchi kaya la nyumba ya kumudzi kuno ku Dedza, masana limakhala psuu. Koma lijambuleni usiku, kamera itakhazikika pa tripod, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) ili yotsegula kwa masekondi 30, inu mukuliyendetsa kuwala kwa tochi yogula pamsika. Chimene chimatuluka pa sikirini ndi khoma lotuwa mbuu, lopendekera ku buluu, ngati wina waliwaza phulusa. Ambiri amayamba n'kuimba mlandu kamera. Ena amathamangira pa kompyuta kukawonjezera kufiira, khoma n'kusanduka la pinki, udzu wa m'mbali n'kuoneka ngati wawauka. Vuto silikhala mu kamera ayi, limakhala mu tochi. Pa kujambula kwa mtundu umenewu, kumene anzathu amakutcha light painting, kapena titi kupenta ndi kuwala, tochi ndiyo burashi ndipo ndiyonso penti. Pa zimene ndaona pojambula usiku m'mapiri muno, nambala yaikulu ya malumeni, muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, imene amailemba pa katoni ndiyo yoyenera kuiyang'ana pomalizira penipeni.

Chifukwa chake ndi ichi. LED yoyera, kababu kamene kali m'matochi a masiku ano, si yoyera kwenikweni. M'kati mwake muli kachipangizo kotulutsa kuwala kwa buluu, ndipo pamwamba pake amamatapo mankhwala achikasu otchedwa phosphor. Buluu ndi chikasu zikasakanikirana, diso limavomereza kuti kuwalako n'koyera. Koma mu LED yotchipa kuwala kofiira kumakhala kochepa zedi. Njerwa imaoneka yofiira chifukwa imabweza kuwala kofiira kumene kwaigwera. Kukapanda kufika, njerwa ilibe chobweza, kamera ilibe cholandira, ndipo chimene sichinalowe mu kamera simungakachifukule pa kompyuta.

Muyeso wa mmene tochi imaonetsera mitundu ya zinthu ndi CRI, nambala imene imathera pa 100. Dzuwa ndi babu lakale lija la kawaya kotentha zili pa 100 kapena pafupi pomwepo. Matochi wamba ambiri ali cha m'ma 70, ndipo opanga ake salemba n'komwe. Pa ntchito yathuyi funani 90 kupita m'mwamba, 95 ndiye bwino kwambiri. Komatu pali msampha. CRI imene amalembayo imachokera pa mitundu isanu ndi itatu yofuwirira, R1 mpaka R8, ndipo kufiira kwenikweni mulibemo. Kufiira kuli ndi nambala yakeyake, R9. Tochi itha kukhala ndi CRI 80 koma R9 yake ili pafupi ndi ziro, ndipo ya CRI 70 nthawi zambiri R9 yake imatsika mpaka pansi pa ziro. R9 ikafika 50 yayamba kukhala yogwirika. Ikafika 80 kapena kuposa, musazengereze.

Ndikulimbikira pa kufiira chifukwa zambiri zimene timajambula kuno n'zofiira kapena zili ndi kufiira m'kati. Dothi la katondo, njerwa, miphika, dzimbiri la malata akale, zitenje, milu ya tomato pa Lizulu. Koposa zonse khungu la munthu. Khungu lathu lili ndi kufiira kwambiri pansi pake, ndipo tochi ya R9 yotsika imalisandutsa lotuwa ngati la munthu amene wasamba osadzola, nthawi zina n'kubiriwirako m'masaya. Chitsanzo china chili pafupi nafe, ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zoyera za Achewa zimaoneka ndi tochi iliyonse. Koma zofiira zija za Akafula, zimene zina zinafufuma kale ndi zaka, pa tochi wamba zimalowerera m'mwala osaonekanso, pamene pa tochi ya R9 yokwera mizere yake imadzuka n'kusiyana ndi thanthwe. Kumeneko sikopita mwachisawawa. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira malowo, yendani ndi wokuperekezani, musakhudze zojambulazo, musazinyowetse ndi madzi kuti zioneke bwino, ndipo musayatse moto kapena kandulo pansi pa thanthwe, chifukwa mwaye suchoka.

Pogula, dzina la LED limene lili m'kati ndi lofunika kuposa dzina la tochiyo. Amene ndimawakhulupirira ndi Nichia 519A, Nichia 219B, Samsung LH351D ya CRI 90, ndi Luminus SST-20 ya 4000K kutsika m'munsi (K ndi Kelvin, muyeso wa mtundu wa kuwala umene ndifotokoze kutsogoloku). Pa SST-20 chenjerani, chifukwa ya 6500K ndi ya CRI yotsika ngakhale dzina ndi lomwelo. Matochi aang'ono otchuka amene amapezeka ndi 519A ndi monga Convoy S2+ ndi Wurkkos FC11C. S2+ ndi kachitsulo kotalika pafupifupi masentimita 12, kunenepa kwake mamilimita 24, kolowa m'thumba la jekete. Thupi limodzi lomwelo amaligulitsa ndi ma LED osiyanasiyana, choncho ngati mukuitanitsa pa intaneti kapena mukutuma m'bale amene ali ku Johannesburg, mulembereni zonse: dzina la tochi, dzina la LED, ndi nambala ya Kelvin. Mukangoti "mundigulire S2+" adzakubweretserani ya buluu mbee, mwina n'kunyadira kuti wasankha yowala kwambiri.

Kelvin ndi nkhani ina, yosiyana ndi CRI. Imanena ngati kuwalako kukupendekera ku chikasu kapena ku buluu. Kandulo ili pansi pa 2000K, babu lakale cha pa 2700K, dzuwa la masana cha pa 5500K, ndipo matochi a pamsika ali pa 6500K kapena kupitirira. Ngati mukugula imodzi yokha, sankhani 4000K kapena 4500K. Kuwala kwa mwezi kuli cha pa 4100K, ndipo pojambula nyenyezi ambiri timaika white balance, imene imauza kamera kuwala koti itenge ngati koyera, cha pa 4000K pomwepo, ndiye tochi imagwirizana ndi thambo. Mukagwiritsa ya 6500K pa white balance imeneyo, pansi ponse pamasanduka buluu. Mukati mukonze pansi, thambo limasanduka la khofi. Koma ngati m'chithunzi muli moto wa pabwalo kapena koloboyi pawindo, ya 3000K ndi imene imakhala bwino, chifukwa siilimbana ndi motowo. Lamulo limodzi ndilisunge: m'chithunzi chimodzi musasakanize matochi a Kelvin wosiyana mwangozi. Mnzanu akangoyatsa tochi ya foni kufunafuna chivundikiro cha lenzi shutter ili yotsegula, chithunzicho chatha, yambiraninso.

Palinso kupendekera kwina kumene Kelvin sanena, kopita ku mtundu wobiriwira kapena ku pinki. Kobiriwira ndiko koipa, makamaka pa nkhope. SST-20 imakonda kubiriwirako ikayaka motsika, pamene 519A ndi 219B sizivuta kwambiri. Mukajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yalandira, zimakonzeka bola ngati kuwala konse m'chithunzi kwachokera pa tochi imodziyo.

Manambala onsewa munthu atha kungowalemba pa katoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho tochi ikafika, iyeseni musanapite nayo kutchire. Ikani pa tebulo tomato wakupsa, chidutswa cha njerwa, tsamba la mpiru, chitenje cha mitundu yambiri ndi pepala loyera, dzanja lanu likhale pambali. Jambulani masana pakhonde, mu RAW. Usiku zimitsani magetsi, jambulaninso zinthu zomwezo ndi tochi yokha. Pa kompyuta tengani white balance pa pepala loyera lija pa zithunzi zonse ziwiri, kenaka muziike moyandikana. Pa tochi yabwino tomato amakhalabe psuu, wokhala ngati mungamudule. Pa tochi yoipa amasanduka wa olenji wakuda, njerwa imafanana ndi dothi la dambo, ndipo zikhadabo zimataya kufiirira kwake. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi khumi.

Tsopano chinthu chimene chimaononga zithunzi zambiri anthu osadziwa chifukwa chake: PWM. Matochi ambiri akamachepetsa kuwala sachepetsa mphamvu ya magetsi, amangoyatsa ndi kuzimitsa LED mofulumira kwambiri, phethiphethi, mwakuti diso siliona. Kamera imaona. Tiyerekeze kuti tochi ikuphethira ka 200 pa sekondi, ndipo dzanja lanu likuyenda mamita awiri pa sekondi pamene mukulemba dzina m'malere. Mzere umene mumayembekezera udzatuluka timadontho, kadontho kamodzi pa sentimita iliyonse, ngati mkanda. Popenta khoma vutoli limabisala pang'ono chifukwa kuwala kumadutsa malo amodzi kangapo, koma mukasesa mofulumira mumatsala mizeremizere. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mu mdima gwedezani tochi mofulumira kutsogolo kwa nkhope yanu, kapena unikani madzi akutsika pa mpope. Mukaona kuwala kukudukaduka kapena madontho a madzi akuoneka ngati aima, PWM ilipo. Chotsimikiza ndi kuika kamera pa sekondi imodzi n'kukoka mzere. Yesani sitepe iliyonse ya kuwala payokha, chifukwa tochi itha kukhala yosalala pa sitepe yapamwamba koma n'kumaphethira pa zotsika, ndipo zotsikazo ndi zimene tizigwiritsa ntchito. Pa malongosoledwe a tochi funani mawu akuti constant current kapena buck driver (driver ndi kachipangizo kolamulira magetsi opita ku LED).

Za malumeni ndanena kuti zikhale pomaliza, ndipo masamu ake ndi awa. Pa khoma la nyumba wamba, mutaima mamita atatu kapena anayi, poyambira pabwino ndi ISO 200 (mmene kamera ikumvera kuwala), f/8 (kukula kwa bowo la lenzi), masekondi 30, tochi ili pa malumeni 100 mpaka 150. Basi. Koma usiku wa June kapena July mwezi kulibe, pamene Mlalang'amba umayala pamwamba pa phiri la Dedza, mudzafuna nyenyezi zilowe m'chithunzi, ndiye kamera ipita pa ISO 3200 ndi f/2.8, masekondi 15 kapena 20. Sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri, ndipo kuchoka pa f/8 kufika pa f/2.8 ndi masitopu atatu, kuchoka pa ISO 200 kufika pa 3200 ndi masitopu anayi. Onse pamodzi asanu ndi awiri, kutanthauza kuti kamera ikumva kuwala kuwirikiza ka 128. Ntchito imene inafuna malumeni 100 kwa masekondi 30 tsopano ikufuna malumeni asanu kwa masekondi asanu okha. Tochi ya malumeni 2000 imene ilibe sitepe yotsika, mukangoiyatsa kamodzi, thanthwe lonse limayera mbee popanda choonekapo. N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa wogulitsa silikhala lakuti imawala mpaka pati, koma lakuti imatsika mpaka pati. Ndimafuna sitepe ya lumeni imodzi kapena kuchepera, ina ya 5 mpaka 10, ina cha pa 30, ina 100 mpaka 150, ndi ina cha pa 400 yofikira mtengo wa mkungudza kapena wa paini umene uli patali.

Sitepe yapamwamba imene amaitcha turbo musaiwerengere. Katochi kakang'ono kamatentha msanga, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri kamatsitsa kuwala kokha. Chithunzi choyamba chimawala, chachitatu n'kuda, inu osasintha kanthu. Matochi opanda driver wabwino amachitanso chimodzimodzi batire likamatsika. Kumbukiraninso kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pa chinthu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kusendera kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo masitepe awiri kumasintha zambiri kuposa batani.

Unikani khoma loyera muone maonekedwe a kuwalako. Tochi ya galasi losalala lakuya imaponya kadontho kowala kwambiri pakati ndi mphete kuzungulira, nthawi zina mphete yakunja ili yachikasu. Imeneyo ndi ya alonda, pa chithunzi imasiya mawanga. Funani ya reflector (galasi lozungulira LED) yokhakhala ngati khungu la lalanje, kapena ya lenzi yofuwirira ya mtundu wotchedwa TIR, imene kuwala kwake kumazilala pang'onopang'ono kupita m'mphepete. Matochi okoka aja otchedwa zoom ndimawakana. Mukawakoka amajambula kabokosi ka LED pakhoma, m'mphepete muli buluu, ndipo pokokerapo pamalowa fumbi ndi chinyezi.

Zofewetsera kuwala simukuyenera kugula. Pepala loyera lophikira makeke, lopindidwa kawiri n'kumangidwa kumutu kwa tochi ndi mphira, limagwira ntchito, ngakhale limadya pafupifupi theka la kuwala kapena kuposa. Likhale loyera lenileni, chifukwa lachikasu lisintha Kelvin. Pa sitepe zapamwamba lichotseni lingapse. Chofunika kwambiri ndi chopanikizira kuwala kuti kusamwazikire ku kamera: dulani paipi ya PVC ya mamilimita 32, masentimita 10 mpaka 15, ipakeni penti wakuda wosanyezimira m'kati, kenaka kulungani mutu wa tochi ndi mphira wodula ku chubu cha njinga mpaka ulowe mothina. Paipi ya mamilimita 25 siilowa pa tochi ya mamilimita 24, chifukwa nambalayo ndi ya kunja kwa paipi. Popanda chimenechi, mbali ya galasi la tochi imaonekera ku lenzi ndipo m'chithunzi mumadutsa kamzere kowala kotsata kumene munayenda.

Batani nalo ndi nkhani. Matochi otchipa amasintha sitepe nthawi iliyonse mukadina: yowala, yotsika, yothwanima, SOS. Muli pakati popenta, mwazimitsa kuti musamukire mbali ina ya nyumba, poyatsanso yalowa pothwanima. Funani imene imakumbukira sitepe imene munasiyira, ndipo imalola kubisa yothwanimayo. S2+ imalola zimenezi. Batani la kumchira limene limayaka mukangolikanikiza pang'ono n'kuzima mukalisiya, lotchedwa forward clicky, ndilo labwino kwambiri, koma kudina kawiri motsatizana mwachangu kumasinthabe sitepe. Njira imene siilephera ndi kusiya tochi ili chiyakire n'kumaitseka kukamwa ndi chikhatho kapena nsalu yakuda yochindikala. Ngati batani la pambali lili ndi kagetsi kobiriwira kosonyeza batire, kamateni ndi tepi wakuda wa magetsi, apo ayi kadzalemba mzere wake m'chithunzi.

Batire limene limayenda bwino ndi matochi a saizi imeneyi ndi 18650, lonenepa mamilimita 18 ndi kutalika 65, la 3.7V, limene likadzaza limafika 4.2V. Lenileni silipitirira kwenikweni 3500mAh ndipo limalemera magalamu 45 mpaka 50. Lolembedwa 9900mAh, lopepuka m'manja, ndi labodza. Poitanitsa kunja funsani ngati batire likubwera limodzi, chifukwa ogulitsa ambiri satumiza mabatire a lithium paokha pa ndege. Mabatire ochotsa m'malaputopu akale ndi a saizi yomweyi ndipo okonza zipangizo amakhala nawo, koma ayezeni ndi mita. Limene lili pansi pa 2.5V, limene limatentha potchaja, kapena limene chikopa chake chang'ambika, lisiyeni. Aja okhala ndi chitetezo m'kati amatalikirapo mamilimita angapo ndipo salowa m'matochi ena. Lapadera liziyenda m'kabokosi kake ka pulasitiki, osati m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, chifukwa likagundana ndi chitsulo mbali zonse ziwiri limatha kuyaka. Tochi yotchajira pa USB-C imathandiza magetsi akathima, mumangoilumikiza ku power bank kapena ku sola. Ngati zonsezi zikukuvutani, tochi ya batire limodzi la AA yokhala ndi LED ya Nichia imakwanira pa sitepe zotsika, ndipo AA amapezeka pa golosale iliyonse kuyambira pa Linthipe mpaka pa Tsangano. Musamawasiye m'kati mukamaisunga, amatuluka madzi n'kudya zitsulo.

Nyengo ya kuno ili ndi zake. Tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, phiri lake limafika 2,198, ndipo usiku wa June ndi July umaluma. Batire lozizidwa limatha msanga, choncho lapadera likhale m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi. Mame amagwera pa lenzi mwakachetechete, chithunzi n'kumafuwirira inu mukuganiza kuti focus yasuntha. Unikani lenzi cham'mbali pakatha zithunzi zingapo zilizonse. Nkhungu ikatsika, ngati mmene imachitira ku Bembeke, mzere wonse wa kuwala kuchokera pa tochi umaoneka m'chithunzi. Utsi wa moto wa tchire ndi fumbi la September ndi October zimachitanso chimodzimodzi. Zikatero senderani pafupi ndi chimene mukupenta, tsitsani kuwala, ndipo musadutsitse kuwalako pakati pa lenzi ndi chinthucho. Tochi ikhale ya IPX7 kapena IPX8, kutanthauza yosalowa madzi, mphira zake zotsekera madzi zili zonse.

Popenta penipeni, musaime kumbuyo kwa kamera. Kuwala kochokera kumene kuli lenzi kumafafaniza mithunzi, khoma n'kuoneka ngati pepala. Imani pambali, madigiri 45 kapena kupitirira, kuti mizere ya pakati pa njerwa, ming'alu ya thanthwe ndi makungwa a mtengo zidzuke. Dzanja lisaime malo amodzi. Focus ichiteni poyamba ndi sitepe yowala, kenaka ikani lenzi pa manual, zimitsani stabiliser, ikani white balance pa nambala yokhazikika osati pa auto, ndipo gwiritsani timer ya masekondi awiri, kapena khumi ngati mukufuna nthawi yoyenda kukaima pamalo panu. Valani zakuda ndipo musakhazikike pamalo amodzi mkati mwa chithunzi.

Zovala zakudazo zili ndi vuto lake. Munthu wovala bii, akuzungulira nyumba kapena munda pakati pa usiku, tochi ikuyaka n'kuzima, aliyense amuyesa wakuba kapena woposa pamenepo. Safunsa anadya phula. Pitani masana mukaonekere kwa amfumu, auzeni a chitetezo cha m'mudzi, ndipo usikuwo mukhale ndi munthu wa pamudzipo. Kumanda ndi kudambwe musaunikeko n'komwe. Kumapiri kuli afisi, ndipo nyengo yotentha njoka zimayenda usiku, choncho mukhale ndi tochi ina yoyendera, imene muziizimitsa shutter isanatseguke.

Mu mdima wa ndiweyani sikirini ya kamera imanyenga. Maso azolowera mdima, chithunzi chikuoneka chowala bwino, koma m'mawa pa kompyuta n'kupeza chada ndi masitopu awiri, ndipo pochikweza mitundu imene munaivutikira ija imadzaza timadontho. Tsitsani kuwala kwa sikirini mpaka pansi, ndipo muziweruza ndi histogram, kagirafu koonetsa kuchuluka kwa kuda ndi kuwala m'chithunzi. Ngati kamera yanu imaonetsa histogram ya mitundu itatu payokhapayokha, yang'anitsitsani yofiira, chifukwa ndi tochi ya R9 yokwera, pa njerwa kapena pa chitenje chofiira, imeneyo ndi imene imayamba kugunda kumapeto a kumanja zinazo zisanafike. Ikagunda, tsitsani tochi sitepe imodzi kapena bwererani m'mbuyo mita imodzi, mujambulenso.